Msoko wa Kumanzere

"Pakani choko mbali zonse ziwiri, Ababa, musakondere," anatero Jemima, manja ali m'chiuno.

A Maxon, mwini shedi yowotcherera zitsulo ku Biwi, anamuyang'ana mwana wawoyo cham'mbali. "Iwe zako ndi kulongedza chikwama. Lolemba ukupita ku Dedza kukathandiza azakhali ako m'golosale. Mtsikana wamaso ofiira ndi moto wa zitsulo adzamukwatira ndani?"

Wakisa, mmisiri wa ku Rumphi yemwe ankagwira ntchito pashedipo, anakhosomola n'kuyang'ana kumbali. Jemima anabisa kumwetulira kwake.

Pakati pawo panali thanki yamadzi ya Mayi Fatimah, eni sukulu ya mkaka ku Kawale, omwe anabwera kudzaona okha ngati siikudontha. Thankiyo inali ndi misoko iwiri pomwe mapuleti achitsulo anakumana mlomo ndi mlomo. Wa kumanja anawotcherera a Maxon. Wa kumanzere ankaganiza kuti ndi wa Wakisa, poti dzulo lake iwo anali kumaliro ku Mchesi.

Sankadziwa kuti kwa chaka chathunthu, Loweruka lililonse iwo akapita kukwaya, Wakisa ankamuphunzitsa Jemima ntchitoyi. Dzulo Jemima anasema milomo ya mapuleti ndi gilayinda kuti ipange kangalande. Anasiya mpata wokwana ndodo yowotcherera, ndipo ndodozo anayamba waziwamba pambaula poti kunali chinyezi. Anadutsamo katatu, ndipo ulendo uliwonse ankagogoda nkhanambo yakuda yotsala pamwamba mpaka chitsulo kuwala.

"Taonani wangawu, Mayi," anadzitama a Maxon akusisita msoko wawo. "Wosalala ngati tsitsi la mkwatibwi. Kamodzi kokha basi, zaka makumi atatu si masewera."

"Chikomekome cha nkuyu, achimwene," anaseka Mayi Fatimah. "Ine ndikufuna madzi a ana anga, osati ukwati."

Atapaka choko kunja, Wakisa anapaka palafini m'kati mwa misoko yonse. Palafini sasunga chinsinsi: pakakhala kabowo ngakhale kochepa ngati diso la singano, amatulukira kunja n'kudetsa choko.

Anadikira. Minibasi inadutsa kondakitala akukuwa za m'tauni. Jemima sanayang'ane n'komwe msoko wake. Maso ake anali pa Wakisa, yemwe thukuta linali kamukamu pamphumi.

Kenaka kumanja kunaoneka kadontho kakuda. Kena. Kenanso kachitatu. Kumanzere choko chinangokhala mbee.

A Maxon anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Ndodo zija zinanyowa," anang'ung'udza. Anagwada n'kuuyendetsa chala msoko wa kumanzere, kunja ndi m'kati momwe. "Walowa mpaka kuseri. Wakisa, mwana wanga, dzanja ili ndi la mmisiri. Pempha chomwe ukufuna."

Wakisa anamuyang'ana Jemima. Chomwe ankafuna chinali chitaima pomwepo, chitavala chitenje chobiriwira. Akanangovomera kuti msokowo ndi wake, njira ya ankhoswe ikanatseguka tsiku lomwelo.

"Abambo, chopempha ndili nacho, koma ndidzatuma akuluakulu," anatero. "Msokowu si wanga."

"Nanga ndi wa ndani? Wa mzukwa?"

Jemima anapinda mkono wa bulauzi n'kuonetsa timabala ta moto tomwe ankatibisa chaka chonse.

"Ndi wanga, Ababa. Ndipo maso anga ndi awa, oyera bwinobwino."

Mayi Fatimah anawomba m'manja. "Eee! Ndiye wa kumanjawo akonze yemweyu. Apo ayi thanki sinditenga."

A Maxon anayang'anitsitsa madontho atatu aja. Kenaka anatola gilayinda n'kumupatsira mwana wawo.

"Uchotse wonse, uyambirenso. Za ku Dedza ndiwaimbira azakhali ako." Anatembenukira kwa Wakisa. "Iwe, akuluakulu akowo asachedwe. Koma lero ugwire chingwe cha magetsi, osati dzanja la mmisiri wanga."

Jemima anatsitsa chigoba chotchinga kumaso. Kuseri kwa galasi lakuda palibe anaona mmene ankasekera.