Tembenuzani Mahedifoni

Nyimbo zanga zonse ndimapangira pathebulo la kukhitchini, mahedifoni ali kumutu. Masipika ndinagulitsa titasamukira m'nyumba yosanja ino mumzinda wa Daegu, chifukwa mayi wokhala pansi pathu amaimbira alonda foni ngakhale supuni ikagwa. Sukulu ndinasiyira panjira ndili ndi pathupi pa Dan-bi. Kuumba ng'oma pakompyuta ndinadziphunzitsa ndekha, ndipo ntchito imene ndimaidziwa ndi yomweyi basi.

Ndikamaliza kusakaniza nyimbo ndimapita nayo kwa a Pyo, bambo wadazi amene amaisalaza komaliza isanapite kwa anthu. Tsiku lina ndinasiya mwana kunazale n'kufika kusitudiyo kwawo masana ndi nyimbo yatsopano. Anaimvera mphindi imodzi yokha, n'kuimitsa.

"Make Dan-bi, mukufuna kuboola anthu makutu? Ka tsi-tsi-tsi kanuka kakuthwa ngati lumo."

"Ukalamba umenewo, a Pyo. Achinyamata amazikonda choncho."

"Wokalamba samva mawu akuthwa. Ngati akundilasa ine, ndiye kuti anyanya." Sanaseke. Anatsegula nyimbo zanga zitatu pakompyuta, ya mu Malichi, ya mu Juni ndi yatsopanoyi. "Taonani timizere iti. Kumanzere mukumakweza nyimbo iliyonse, kumanja kuli pomwepo. Ndakhala ndikukutsitsirani osanena kanthu, koma apa ayi."

"Mahedifoni atha," ndinayankha msanga. "Mwana amakokakoka chingwe."

"Mwina. Mwawatenga?"

Anali m'chikwama. Ndinawatulutsa. Zoona zake, kwa miyezi iwiri foni ndinkayankhira kumanja kokha. Sabata yapitayo ketulo inaimba mluzu mpaka madzi kuphwa, ine ndili pomwepo, nditatsamira dzanja pakhutu lamanja. Sindinauze munthu, ngakhale bambo a Dan-bi.

A Pyo anaika phokoso lofanana mbali zonse ziwiri, longa la wailesi yosowa siteshoni.

"Valani. Mukumva bwanji?"

"Kumanzere kuli ngati mwafunditsa bulangete."

"Tsopano tembenuzani, ya kumanja ipite kumanzere. Bulangetelo likasamuka, vuto ndi mahedifoni, mukagula ena. Likakhala pomwepo..." Sanamalize.

Ndinawavula n'kungowagwira. Ndani angapereke nyimbo yake kwa munthu wa khutu limodzi? Satifiketi ndilibe, ndili ndi makutu awiriwa basi. Ndinayang'anitsitsa chingwe, kufunafuna pomwe chalumidwa, pomwe chathyoka. Chinali bwinobwino.

"Make Dan-bi, tsitsi langa limera mukadali pomwepo."

Ndinavala. Bulangete silinasunthe.

Ndinatembenuzanso, kachiwiri, kachitatu. A Pyo anazimitsa phokoso lija, ndipo m'chipinda mutati zii ndinamva kamluzu kakang'ono kukhutu lamanzere. Masiku onsewa ndinkati ndi firiji ya kunyumba.

"Mumakweza mpaka pati?" anafunsa.

Ndinawalozera pakompyuta. Anatukwana chapansipansi.

"Nanga ndikanatani? Popanda masipika besi, kugunda kwa pansi kuja, samveka."

"Ndiye mumamuthira m'khutu maola angati patsiku?"

"Mwana akakhala kunazale. Asanu ndi limodzi, mwina kuposa."

Anapukuta dazi lawo ndi chikhato. "Mukawoloka msewu, pamwamba pa sitolo ya mankhwala pali dokotala wa makutu. Pitani pompano. Zina zimachira munthu akafulumira."

"Zina?"

"Ine sindine dokotala, mayi. Ndimangodziwa timizere."

"Nanga nyimbo? Mwini wake akuifuna Lachisanu."

"Nyimbo ndiwongola ndekha. Mahedifoni siyani pano, ndimakudziwani inu."

Ndinawasiya pampando ndipo ndinatsika masitepe nditagwira chitsulo. Panja panali phokoso la masana, mabasi, njinga zamoto za onyamula zakudya. Getsi la owoloka linasanduka lobiriwira, anthu anandidutsa. Kwinakwake hutala inalira. Ndinatembenukira kumanja, kunalibe kanthu. Njinga inali kumanzere, pafupi kwambiri, wokwerayo akundikalipira. Ndinabwerera m'mbuyo n'kudikira getsi lina, kenaka ndinawoloka nditamatirira kumbuyo kwa mayi wina wonyamula kabichi.