Dzanja la a Pasipoti

Sukulu ya a Pasipoti inali isanatsekedwepo chiyambire, ndipo eni akewo ankanena poyera kuti chimfine sichingakhale choyamba kuitseka. Munthu amene anayamba n'kugulitsa mabatire m'basi, n'kukwera ndege mpaka zidindo kusowa pokhala m'pasipoti, n'kumanga makalasi asanu ndi atatu ndi thukuta lake, angagonje kwa mamina?

Koma sabata yachiwiri ya mliriwo mawu awo anayamba kutsika. Theka la ana a sitandade 3 linali kunyumba. Otsalawo ankatsokomola molandizana, mphunzitsi n'kumadikira mpata woti alankhule. Laibulale inasanduka chipinda cha odwala: matiresi pansi, zidebe pakona, mabuku ataunjikidwa kukhoma. A zaumoyo anabwera, anayendera, n'kunena kuti odwala akapitiriza kuchuluka pofika Lachisanu adzatseka geti, ngakhale mayeso a sitandade 8 anali pakhomo.

A Pasipoti anachita zonse zimene anaona kunja. Anagula sopo makatoni, anatsegula mawindo onse, anatalikitsa madesiki, analamula mwana aliyense kubwera ndi kapu yakeyake. Mafoni a makolo ankayankha okha mpaka khutu kutentha. Odwala ankangowonjezekabe.

Lachitatu m'mawa mlamu wawo, namwino amene anamupempha kudzathandiza, analawirira n'kuima pambali pa geti, maso ali ofiira ndi tulo. Anaona ana akusamba m'manja pa chidebe, kenako n'kufola kwa a Pasipoti. Umenewu unali mwambo umene bamboyo anautola pa sukulu ina kutali: m'mawa uliwonse ankagwira chanza mwana aliyense, kumuyang'ana m'maso ndi kumutchula dzina.

"Alamu, dzanja lanulo lili ndi pasipoti yakeyake?" anafunsa namwinoyo.

"Mukuti bwanji?"

"Likuyenda kuposa eni ake. Latenga za uyu, lapereka kwa uyo. Ana akusamba bwinobwino, kenako akudzagwira inu. Inu mwasamba liti?"

"Mwana amene wagwidwa chanza ndi mwini sukulu sayenda chozolika, alamu. Ndinaziona ndi maso angawa."

"Sayendadi chozolika. Amayenda akuyetsemula. Libwezeni m'thumba."

A Pasipoti analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Linali lonyowa pang'ono. Analilowetsa m'thumba la jekete, ndipo mzere wa ana unaima osadziwa chochita. Kamtsikana kena kaching'ono, kopanda mano akutsogolo, kanakhalabe chitambasulire mkono.

"Abwana, mwatikwiyira?"

"Iyayi, mwanangu. Moni wako ndakongola. Ndidzabweza."

"Wa tsiku lililonse?"

"Wa tsiku lililonse."

Lachisanu odwala sanachepe, koma sanachulukenso. Wa zaumoyo anakanda m'mutu, napereka sabata ina. A Pasipoti analibe mphamvu zosangalalira. Madzulo omwewo thupi lawo linatentha, ndipo munthu wogona m'mahotela a nsanjika makumi awiri anagona pa matiresi a mu laibulale, miyendo ikutulukira kunja, mlamu wawo akuwamwetsa madzi ngati khanda.

"Mukadzafotokoza maulendo anu, uwu musadzauiwale," anatero namwinoyo.

Iwo anangotsokomola.

Pang'onopang'ono madesiki anadzazanso. Matiresi anaanikidwa padzuwa, mabuku anabwerera m'mashelefu, a sitandade 8 analemba mayeso awo mipango ili m'manja. Geti silinatsekedwe.

Namwino atavomereza kuti mliri watha, a Pasipoti anaimanso pamalo pawo, ataonda, jekete ikulendewera, chidebe chawochawo chili pambali. Ankagwira mwana, n'kusamba, n'kugwira wina. Mzere unkayenda ngati wa kubanki, ndipo sanalankhule za ndege ngakhale kamodzi.

Kamtsikana kaja kanafika komalizira. Dzino limodzi linali litayamba kumera.

"Anga ndi khumi ndi asanu, abwana. Loweruka ndi Lamulungu ndakuchotserani."

A Pasipoti anayang'ana mlamu wawo, anapumira m'mwamba, napinda mkono wa jekete. Phewa linkawawa, zala zitachita makwinya ndi madzi, koma anabweza ngongole yonse ya moni, kamtsikanako kakuwerenga mokweza: khumi ndi asanu.