Therere Lopanda Tomato

Taonga anafika kwanga ku Thamesmead, mumzinda wa London, tsiku lomaliza la chaka, atanyamula sutikesi imodzi ndi nkhope ya mayi ake. Mayi akewo ndi achemwali anga a Vera, amene anamwalira mu June ku Charleston, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku America, komwe ankagwira ntchito ya unamwino. Kumaliro sindinapite. Ndinanamizira ntchito, koma zoona zake n'zakuti tinatha zaka khumi ndi zinayi osalankhulana.

Mayi athu atamwalira ku Zomba, a Vera sanabwere. Ankati mapepala awo anali asanatuluke, ndipo akachoka sakaloledwanso kubwerera kwa mwana wawo. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawauza pafoni kuti ine ndi iwo sitidzadyeranso mbale imodzi. Anayesa kuimba kangapo, ine osayankha, mpaka analeka. Chiyambire June funso limodzi linkandisowetsa mtendere: kodi anapita atandisungira chakukhosi? Mwana wawo ndinkaopa kumufunsa.

M'mawa wa chaka chatsopano chifunga chinaphimba mtsinje wa Thames moti kutsidya sikunkaoneka.

"Anti, lero ndiphika ine," anatero Taonga. "Charleston style."

Chichewa amamva bwino, koma poyankha amachita kutola mawu amodziamodzi.

Anaphika mpunga pamodzi ndi khobwe ndi nyama ya nkhumba yofutsa ndi utsi. Akuti kwawoko chaka sichiyamba bwino ngati simunadye zimenezi. Anandifotokozera kuti kaphikidwe kameneka kanasungidwa ndi anthu amene anagwidwa ukapolo ku Africa n'kukalimitsidwa mpunga m'madambo a kumeneko. Ndinaseka pang'ono. Khobwe yemweyu tinkamunyoza tili ana, kumeneko ali ndi mbiri yake!

Kuseka kunatha atayamba kudula therere. Thabwa linali pomwepo, koma iye ankadulira m'manja, mpeni ukubwera ku chala chachikulu, mutu atapendeketsa kumanzere. Umu ndi mmene ankadulira a Vera pakhonde ku Zomba, osasiyana ngakhale pang'ono.

Therere lambiri analithira mu supu wa mafupa a ng'ombe, tomato tho, kuti lisanande. Ndinafuna kunena kuti therere losananda ndi kuwononga ndiwo, koma ndinadzigwira. Pakamwa pomwepa ndi pamene panandipalamulira kale.

Kenako anatenga kapoto kakang'ono, n'kuthiramo madzi, mchere ndi soda. Thovu litakwera anaponyamo therere lotsala lija n'kulitakasa mpaka linananda bwinobwino, lakwathu lenileni. Tomato anali atatsala pambale, koma sanamukhudze. Anapakulira mu mbale, n'kuvundikira ndi mbale ina, n'kukaika kumapeto kwa tebulo komwe kunalibe munthu.

"Imeneyo ndi ya ndani?" ndinafunsa.

"Mum's rule," anayankha. "Chaka chilichonse, New Year, mbale iyi imakhala pa table. Palibe amagwira. Tikamaliza kudya, Mum amapita nayo ku kitchen, amadya half ataimirira, yozizira. Half inayo amasiya."

"Tomato bwanji sunathire?"

"Ndinafunsa ndili wamng'ono. Anati mwini wake sadya tomato mu therere. Anati tsiku lina adzabwera." Anakweza mapewa. "Me I thought ndi ya munthu wakufa, Anti. Ndinkaopa kukhala side imeneyo."

M'nyumba mwathu ku Zomba tinalimo ana asanu ndi mmodzi. Onse ankadya therere la tomato kupatula mmodzi, wovuta uja, amene ankanyanyala n'kukagona ndi njala. A Vera ndi amene ankamupatulira lake m'kapoto tomato asanalowe.

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezi, kutsidya kwa nyanja kunali nyumba imene mwana ankaopa mpando wanga. Mzukwa wa m'nyumba imeneyo ndinali ine, wamoyo, ndikukwera basi ya ku Woolwich tsiku ndi tsiku, foni ili m'chikwama. Ndinachita manyazi, ndipo ndinawasowa achemwali anga kuposa tsiku limene ndinamva uthenga wa maliro.

"Anti, muli okay?"

"Sendeza mbaleyo kuno, mwanawe."

Anazengereza, kenako anaikankha ndi nsonga za zala. Ndinasamba m'manja, n'kuvundukula. Ndinaumba mpunga wa khobwe uja n'kusunsa. Soda anali wokwanira ndendende.

Ndinaganiza zodya theka langa lokha, linalo ndiwasiyire eni ake monga ankachitira iwo. Koma therere siligawika pakati. Ndikadya mbali yanga, la mbali ya a Vera linkatsetsereka kubwera kwa ine.