Kumanzere kwa Saulosi

Njinga yamoto itamugwetsa pamsewu wa ku Nsaru, Saulosi anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, koma mutu utataya theka la dziko. Chilichonse cha kumanzere sankachiona. Ndevu ankameta tsaya limodzi n'kumadziona ngati mkwati.

Tsoka linadza pamene a Chikoti, malume a mkazi wake Vainess, anadzazonda n'kukhala kumanzere kwake. Anatsokomola, anakoka mpando, Saulosi ali duu, moni osapereka.

"Mkamwini wamwano chonchi abwerere kwawo ku Kabudula," anagamula a Chikoti. "Tikakolola, ankhoswe akumane."

Vainess mtima unamuwawa zedi. Anakadandaula kwa a Sarah, opangitsa mafizo kuchipatala.

"Maso ali bwino, mayi. Ubongo ndi umene waiwala mbali imeneyo. Kodi madzi mumawaikira kuti?"

"Kumanja, kuti asavutike."

"Chifundo chinapha nkhwali. Zonse muziika kumanzere, azizifunafuna."

Basitu Vainess anasanduka mkazi woipa wa m'mudzi. Kapu kumanzere, wailesi kumanzere, iye mwini kumanzere. Saulosi ankakalipa kuti akumubisira mchere, anansi n'kumanong'onezana kuti mayiyu watopa ndi matenda. "Tembenukani, bambo a Noel," Vainess ankangotero, misozi akupukutira kuseri.

Atakolola, ankhoswe anasonkhana pansi pa chigafa cha fodya. A Chikoti, munthu wosaiwala chipongwe, anakhala dala kumanzere kwa Saulosi, naloza Vainess. "Iwe khala kumbuyo kwangaku, ndipo usatsegule pakamwa."

Saulosi anapereka moni kwa a kumanja mmodzimmodzi, kenako zii. Vainess anagwidwa ndi mantha. Ukwati unali kutha iye akuonerera.

Ndiye khosi la Saulosi linayamba kutembenuka, pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza chimanga ikamakhota.

"A malume! Mwadzuka bwanji? Kunyumba ali bwanji?"

A Chikoti anayankha mwachibwibwi. Koma khosi silinaime pa iwo. Linapitirira mpaka maso anapeza Vainess atagwada pafumbi.

"Ndimadziwa," anatero Saulosi. "Ndikasowa chinthu, ndimayang'ana mbali ino. Amake Noel amakhala komweku."

Anamuletsa kulankhula, inde, koma za nthungululu palibe anatchulapo. Vainess anailiza mpaka nkhuku zinabalalika, ndipo ankhoswe a ku Kabudula anafunsa a Chikoti kuti kodi mlandu uja unali wotani.