Mphindi Khumi za Batire

"Chotsani dzanja pamenepo, alamu."

Mkazi wa malemu anaima pakhomo la kachipinda kosungiramo katundu, manja akudontha madzi otsukira mbale. Mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, anali atawerama kale kuseri kwa shelefu, akufufuza waya wopita ku soketi. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro. Abale onse anali atabalalika kupatula iyeyu, yemwe ankachita ngati waiwala njira ya kwawo.

Pashelefupo panali kompyuta yakale, yachikasu ngati dzino, yopanda sikirini, imene m'nyumbamo ankaitchula kuti Nkhalamba chifukwa cha kutsokomola kwa fani yake. Malemu, amene anzake ankangomuti Mawaya, anaitola ku ofesi ina itatayidwa. Zaka makumi awiri anakoka mawaya m'madenga a maofesi, ndipo ntchito yake inkathera pakhomo la chipinda cha maseva, momwe munkalowa anyamata a makhadi m'khosi. Zinkamuwawa. Ndiye Nkhalambayo anaisandutsa seva ya pakhomo, kompyuta yosazima yosunga zinthu za banja lonse, kuti aziiwononga ndi kuikonza mpaka adziwe ntchitoyo. Mtima unamulekerera ali pamakwerero, kutatsala milungu itatu kuti akalembe mayeso a ntchito ya masevayo.

"Chinthu ichi chikutuluka lero," anatero mlamuyo osadzuka. "Chinandidyera mng'ono wanga."

"Chinamudya bwanji?"

"Munthu akudandaula pachifuwa, m'malo mopita kuchipatala akukhala muno ndi zinyalalazi. Inu muli pompo, kumangomuthirira tiyi."

Mawuwo anamulasa mkaziyo, chifukwa theka lake linali loona. Anamuchonderera mwamuna wake kangapo konse kuti apite kuchipatala, iye n'kumangoti, ndithane kaye ndi mayesowa.

Mwana wawo wamkazi, namwino amene anapempha tchuthi cha maliro, anali atakhala pansi pakona, laputopu pamiyendo. Sanadzuke kupereka ulemu.

"Abambo aakulu, ndakuuzani kale m'mawa. Bambo anaikiya disiki ndi pasiwedi. Ikakhala yoyaka, zinthu zikutseguka. Ikazima kamodzi kokha, idzafunsa pasiwediyo, ndipo sanailembe paliponse. Ndafufuza kope lawo lonse."

"Ndiye?"

"Ndiye zithunzi zonse zili momwemo. Za ukwati wawo, za ine ndili khanda. Zamapepala zija zinaola ndi chinyontho, anapulumutsa zimenezi. Ndikukopera, koma ikuyenda pang'onopang'ono. Mundipatse mpaka madzulo."

"Iwe, usandiphunzitse. Bambo ako ndinawabereka kumsana ine."

"Kuchipatala sindinakuoneni."

"Khala chete," anatero mayi ake, koma sananene ndi mphamvu yoti munthu n'kukhaladi chete.

Mlamuyo anadzuka, nkhope itachita mdima. Anatola kope lija pashelefu n'kulitsegula ndi chala chimodzi, monyansidwa. Anawerenga mokweza, akukoka mawu kuti awanyoze. "Tsiku la 41, ndawononganso. Tsiku la 42, ndakonza, koma sindikudziwa kuti ndakonza bwanji." Analiponya pansi. "Munthu wa imvi kumutu. Ndinamuuza, bwera kushopu kwanga uzikhala pampando ngati munthu. Anakana. Anasankha kukhala mwana wa sukulu wa bokosi."

"Anakana chifukwa mukanamutuma ndudu tsiku ndi tsiku," anatero mkazi wa malemu. Zaka zonse za ukwati wake anali asanamuyankhepo mlamu wake chotero. Sanabweze mawuwo.

Mlamuyo anamuyang'anitsitsa. Kenako anawerama n'kuzula pulagi.

Namwino anatseka maso. Mayi ake anagwira chitseko.

Koma Nkhalamba inapitiriza kutsokomola. Pansi pa shelefu, kuseri kwa zitini za penti, kabokosi kakuda kanayamba kulira pang'onopang'ono, tii, tii. Linali batire limene malemu analumikiza osauza munthu.

Foni ya namwino inanjenjemera. Ya mayi ake inalira kukhitchini. Ndiyeno inalira ina m'thumba la jekete la mlamuyo.

Anaitulutsa mokwiya, n'kuitalikitsa kumaso monga amachitira anthu oiwala magalasi. Milomo yake inayamba kuwerenga, kenako inaima.

Namwino ndiye anawerenga mokweza pa yake. Unali uthenga umene bambo ake anaukonza kalekale, woti seva izitumiza yokha magetsi akaduka.

"Nkhalamba yataya magetsi. Batire likhala mphindi khumi. Ngati azima dera lonse, musavutike. Ngati ndi achimwene azulanso pulagi kuti atchaje foni, soketi yanu ndinakuikirani kuseri kwa chitseko, achimwene. Ija ya m'mwamba, kuti musamawerame ndi msana wanuwo."

Mkazi wa malemu anakankha chitseko pang'ono. Inalipodi, soketi yoyera, yatsopano, yofika m'chiuno mwa munthu wamtali, waya wake utakhomedwa mowongoka bwino mpaka kudenga. Iye ankadutsa pamenepo tsiku lililonse osaiona.

Kabokosi kaja kanayamba kulira mofulumira.

"Zatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, abambo aakulu," anatero namwino, mawu ali ouma.

Mlamuyo anali adakagwirabe pulagi. Anayang'ana soketi ya kuseri kwa chitseko, anayang'ana foni. Sanapepese, ndipo panalibe amene ankayembekezera zimenezo. Anagwira shelefu ndi dzanja limodzi, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka mawondo anafika pasimenti. Pulagi inaphonya mabowo kawiri, kachitatu inalowa. Kulira kuja kunaleka.

Anakhalabe chogwada. Anatola kope lija, nalipukuta fumbi ndi mkono wa jekete, n'kulibwezera pamwamba pa Nkhalamba, pamene panali pofunda.