Makapisozi a Tabitha

Tabitha anatentha thupi masiku asanu ndi atatu anthu akungoti ndi malungo. Kwa Chulu kuno chilichonse ndi malungo. Mutu ukawawa, malungo. Mwendo ukatupa, malungo. Ngakhale utagwa panjinga, wina adzati akugwetsa ndi malungo. Angelina, mayi wake, anamumwetsa LA wa kugolosale mpaka kutha, thupi osazizira. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wodya ngati dzombe, anafika pokana ngakhale mango.

Tsiku lotsatira anamukweza panjinga, ulendo wa kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anapeza a Nthanda, dokotala wamkazi wa pakamwa polusa koma wodziwa ntchito. Anabaya mwana pachala, nadikira pang'ono, nati malungo mulibe. Ena akanathera pomwepo, Panado m'manja, pitani bwino. Iwo ayi. Anasuzumira m'khutu ndi kukhosi, anafinya mimba, anafunsa za mkodzo, kenako anamuvula diresi nayamba kuwerenga mpweya maso ali pa wotchi. Atamvetsera m'chifuwa mbali ya kumanja, anapukusa mutu.

"Chibayo ichi, mayi. Mumachedwa pati?" Anatulutsa kajumbo ka makapisozi. "Atatu patsiku, masiku asanu ndi awiri. Tsiku lachitatu adzadzuka n'kukasewera fulaye. Musanyengeke. Tizilombo timakhala tangokomoka, sitinafe, ndipo tikadzuka timabwera ndi ukali. Amalize onse. Komanso awa ndi omaliza, pashelefu patsala mbee."

Zinachitika monga ananenera. Tsiku lachitatu Tabitha anapempha phala, madzulo ake anali panja ndi anzake. Koma chakudza sichiimba ng'oma: tsiku lomwelo unabwera uthenga woti azakhali ake a Angelina amwalira kwa Njombwa. Maliro a munthu amene anakulera sungatumize wina. Angelina anaitana mwamuna wake, Zondiwe, namuika kajumbo kaja m'manja mwenimweni.

"Bambo a Tabitha, m'mawa, masana, madzulo. Ngakhale azidumpha chingwe, azimwa."

"Ndamva, amake mwana. Kodi ndine mwana ine?"

Anamva, inde, koma mutu wake unali kwina. Chaka chimenecho dzina lake linatuluka pa makuponi, feteleza wotsika mtengo anali atafika kudepoti, fodya kunazale akudikira kuwokeredwa. Ndiye Bulaki, imodzi mwa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, inali ndi chilonda cha goli pakhosi, ntchentche zili ng'waa.

Angelina anakhala pamaliro masiku anayi. Pobwera anapeza kajumbo kali kopanda kanthu. "Wamaliza," anatero Zondiwe akumanga ng'ombe. Ananyamuka ndi ngolo kupita kudepoti, kumene anthu ankagona pamzere mpaka masiku atatu.

Patapita masiku awiri kutentha thupi kunabwerera, ndipo ulendo uno sikunabwere mocheza. Tabitha ankagonera mbali imodzi yokha, akubuula pa mpweya uliwonse, mphuno zikuphaphatika. Angelina anachita mantha. Panjinga mwana sakanatha kukhala, choncho anamubereka kumbuyo ngati khanda, mapazi akumumenya m'mawondo.

A Nthanda atamvetsera m'chifuwa, anagogoda nthiti ndi zala. Kumanzere kunalira bwino, kumanja kunangoti di di ngati chigubu chodzaza.

"Anamaliza mankhwala?"

"Anamaliza, adokotala."

"Mayi, ndinene zoona. Ngati anamaliza ndiye kuti ndinaphonya matenda, ndiyambe kufuna kwina, nthawi ikutha. Ngati sanamalize, ndikudziwa chochita. Anamaliza?"

"Ndikulumbira pali Mulungu! Kajumbo ndinakaona ndi maso angawa."

Apo ndi pamene Tabitha anatsegula maso. Mawu ankatuluka amodzi amodzi, mpweya ukumuthera pakati.

"Ababa anati ine ndachira. Anati Bulaki ndi amene akudwala kwambiri. Ankatsegula makapisozi, ufa uja n'kuthira pachilonda. Anati ndisanene."

Angelina anachita manyazi, koma mkwiyo unawaposa. Ha! Iye kulumbira pali Mulungu, kuikira kumbuyo bodza la munthu wamkulu ndevu zili pepeya! Mankhwala a mwana, omaliza m'chipatala chonse, kuthira ng'ombe! Ndipo ngati kuba sikunakwane, kumusenzetsanso mwana chinsinsi, kuti azibuula nacho.

A Nthanda sanakalipe, ndipo zimenezi zinamuopsa Angelina koposa. Anabaya mwana jakisoni, nalemba m'buku lake la kuchipatala mothamanga. "Mafinya adzaza pakati pa phapo ndi nthiti. Kuno sindingawachotse. Mupite kuboma lero lomwe, osati mawa."

Angelina anatuma uthenga kudepoti kudzera kwa woyendetsa kabaza, iye n'kukwera matola ndi mwana pamiyendo. Kuchipatala chachikulu anajambula chifuwa, namuika Tabitha pa mpweya, nati m'mawa amuboola m'nthiti kuti alowetse kapaipi kotulutsa mafinya.

M'mawa mwake Zondiwe anafika dzuwa litakwera, malaya atayera ndi fumbi la matumba. Anakumana pakhonde la wodi ya ana, pamene panali amayi ambiri odikirira odwala. Angelina sanasamale za iwo.

"Ng'ombe yanu ili bwanji, bambo a Tabitha?"

Zondiwe anagwetsa nkhope. "Amake mwana, tsitsani mawu. Mwana anali atachira, ankasewera. Bulaki akanagwa, feteleza ndikanatuta ndi chiyani? Ena agona kudepoti sabata yathunthu n'kubwerako chimanjamanja. Popanda feteleza Tabitha yemweyo adya chiyani chaka chamawa? Aliyense amathira makapisozi pachilonda, sindinayambe ndine."

"Aliyense amathira ake! Inu munathira a mwana. Mukanandiuza tsiku lomwe ndinafika, ndikanathamanga naye matenda asanabwerere. Koma munandiyang'ana m'maso n'kunena kuti wamaliza. Chaka chamawa? Mwafunsa ngati afike Lamulungu?"

Nthawi yomweyo namwino anasuzumira pakhomo. "Mayi a Tabitha, bwerani mudzagwire mwana. Abambo dikirani panja."

M'chipatala ndi mmene zimakhalira: mayi amalowa, bambo amakhala pansi pa mtengo kudikira kuuzidwa. Zondiwe anali atatembenuka kale, ndipo Angelina anaona mapewa ake akumasuka. Zimenezo ndiye zinamutsiriza.

"Ayi, anamwino. Agwire bambo wake."

"Mayi, abambo ambiri sapirira zimenezi."

"Awa apirira. Ali ndi manja ozolowera kugwira odwala."

Angelina anamukoka dzanja Zondiwe pamaso pa amayi onse aja, namulowetsa. Tabitha anali pabedi, nthiti zikuwerengeka. Dokotala anauza Zondiwe kuti akweze mkono wa mwana pamwamba pa mutu, aupanikize, ndipo asausiye zivute zitani. Anabaya mankhwala ochititsa dzanzi, koma kapaipi polowa mwana anakuwabe, kukuwa kumene Angelina sanakumvepo chibadwire.

"Ababa! Ababa, ndisiyeni! Sindidzanenanso!"

Zondiwe anatembenuzira nkhope kukhoma, maso atatsinzina. Angelina, misozi ili chuchuchu, anamugwira chibwano namubweza.

"Tsegulani maso. Muone."

Mafinya anatsika m'kapaipi, achikasu, olemera, nayamba kudzaza botolo limene linali pansi pa bedi. Anatuluka ambiri moti sungakhulupirire kuti anali m'kachifuwa kameneko. Pang'ono ndi pang'ono kubuula kunachepa, mpweya unayamba kulowa mpaka pansi. Dokotala anasoka, namata, nati mwanayu wapulumukira pakamwa pa mkango, koma agona m'chipatala masabata awiri ndipo chipsera adzakhala nacho moyo wake wonse.

"Mutha kumusiya tsopano, bambo," anatero namwino.

Zondiwe sanamve. Anali chigwirire mkono uja, akulira poyera ngati wamasiye, pamaso pa akazi. Anagwada pambali pa bedi, naika chipumi pa kadzanja ka mwana wake.

"Unachita bwino kunena, mwanawe," anatero. "Wabodza ndine."

Tabitha anali atagona kale, sanamve. Angelina anamva. Anachotsa zala za mwamuna wake pa mkono wa mwana, chimodzi chimodzi, naufunditsa yekha.