Mafuta a Mwanaidi

Chaka chimenecho ku Nselema mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo pofika Januwale anthu ankagonera mango aawisi owiritsa. Madeya, amene kale ankathira nkhuku, anasanduka chakudya cha olemera.

Ndiye kunamveka kuti a bungwe lina akubwera ndi wojambula, ndipo banja limene alijambule alisiyira thumba la chimanga. Mwanaidi, mayi wamasiye wa mwana mmodzi, anamva mtima kuti phwii. Zuberi wake anali atayamba kutupa mapazi.

Mwanaidi anajambulidwapo kamodzi kokha, tsiku la ukwati wake ku Liwonde, ndipo ankadziwa mwambo wake: munthu suima pa kamera uli mbuu ngati wochokera ku dimba. Chithunzi chimapita kutali, chimakaonedwa ndi anthu osakudziwa. Anathamangira kwa mnzake woyandikana naye, Ayisha.

"Achemwali, tandibwerekani chitenje chanu cha pa Idi ndi mpango uja. Zanga zonse ndi nsanza."

"Tengani, mayi a Zuberi. Ine ndijambulidwa ndi ndani?"

M'kabotolo munali mutatsala mafuta ophikira a supuni imodzi, amene ankasungira phala la mwana tsiku limene ufa udzapezeke. Anamusambitsa Zuberi, namudzoza mafutawo kumaso, m'mikono ndi m'miyendo yosweka ija mpaka mwana anawala ngati biringanya. Umphawi ndi umphawi, koma uve ayi.

Galimoto inaima dzuwa lili paliwombo. Wojambulayo anali Hudson, mnyamata wa ku Blantyre wolankhula mwaulemu wa anthu okhuta. Kamera yake inali yaing'ono, yakuda, yatsopano, koma galasi la kutsogolo linali lakale, utoto utasupuka m'mbali. Ankalinyadira ngati mwana woyamba.

"Galasi ili ndi lakale kuposa ine, mayi. Kamera za masiku ano zimadzisankhira zokha, koma iyi iyayi. Ndimapotokola ndi dzanja mpaka zithunzi ziwiri m'kazenera aka zikumane. Chimene ndasankha ine ndicho chimaoneka bwino, zina zonse zimangokhala chimbuuzi."

Mwanaidi sanafunse za galasi. Anaimika mwana patsogolo pake, nawongola mpango, namwetulira. Kumwetulira ndi njala ndi ntchito, koma anaigwira.

Hudson anaika kamera kudiso, napotokola. Anaitsitsa, nayang'ana mwana wonyezimirayo, nakwinya nkhope pang'ono. Anaikwezanso, napotokola kwina, pang'onopang'ono, osafulumira ngati munthu amene wadya m'mawa. Mwanaidi anaima nji, masaya akuwawa. Kenako kamera inangoti tche, kaphokoso kochepa ngati kuthyola kachitsotso ka machesi.

"Ndione nawo, achimwene."

Hudson anazengereza, koma anatembenuza kamera. Pa kagalasi ka kumbuyo Mwanaidi anadziona m'mphepete, iye ndi mwana wake, atasungunuka ngati utsi, chitenje chobwereka chili mtundu wokhawokha wopanda maluwa. Pakati pa chithunzi, patali kumbuyo kwake, panali Ayisha atakhala pakhonde pake, atavala nsanza, akusenda mango aawisi. Ayishayo ankaoneka chilichonse, ngakhale ming'alu ya ku zidendene.

"Nanga ine?"

"Pepani mayi. Inu mukuonekako bwino. Akuluakulu amafuna mabanja amene avutikadi."

Akuonekako bwino! Mwanaidi anafuna kukwezera mwana m'mwamba, kumuonetsa mapazi otupawo, kunena kuti kuwalako ndi chakudya chawo chomaliza. Koma manyazi amene anamutuma kukabwereka chitenje ndi omwewo anamutseka pakamwa. Anaima pomwepo, akuona anyamata awiri akutsitsa thumba ndi kukaliika pakhonde pa Ayisha.

Galimoto itapita, Ayisha anabwera atatenga chimanga m'kambale ka ndiwo, kosadzaza n'komwe. Sanamuyang'ane kumaso.

"Landirani kangachepe. Ndipo chitenjecho muchichape musanabweze, chalowa mafuta."

Mwanaidi analandira ndi manja awiri, nathokoza monga mwa mwambo, ngakhale mawuwo ankamuwawa ngati tsabola. Atacheuka kuti aitane mwana, anamupeza atakhala pansi pamthunzi wa nkhokwe yopanda kanthu. Zuberi anali atagwira mkono wake, akunyambita mafuta aja.